Miyezi 7 ndikungosanja malisiti: ndipirire kapena ndipite kushopu?

Tadala: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano osalemba kanthu, koma lero zandikwana ndiye ndati ndipemphe nzeru. Ndikuphunzira ntchito pa kaofesi kena kolemba mabuku a bizinesi ndi kuwerengera misonkho mutauni mwa Zomba muno. Tilipo anayi: bwana mwini wake, mkulu wina amene wakhalitsapo, ine, ndi mnyamata wotumidwa. Mwezi uno ndakwanitsa miyezi 7. Madzulo ndi Loweruka ndimawerenga za diploma ya ICAM, bungwe la akauntanti m'Malawi muno, ndipo mu June ndikulemba Taxation.

Chilowereni, ntchito yanga ndi malisiti basi. Kasitomala amabwera ndi jumbo lodzaza, ena onyowa, ena ofufutika, ena olembedwa pa pepala long'ambidwa m'kope la mwana wa sukulu. Ndimawasanja potsata masiku, kulowetsa mu Excel, kufananitsa ndi sitetimenti ya ku banki, kenako ndimapereka kwa mkulu uja. Iye ndi amene amawerengera msonkho ndi kutumiza pa Msonkho Online, njira ya pa intaneti yotumizira za misonkho ku MRA. Ine sindinagwirepo return, fomu yonena msonkho wa kasitomala, ngakhale imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kaalawansi kamene ndimalandira kamathera pa kabaza wochokera ku Chinamwali ndi fizi ya mayeso. Chakudya ndimadalira azakhali amene ndikukhala nawo.

Tsono kasitomala wathu wina, wa shopu ya zipangizo zomangira, wandiuza kuti ndikamugwirire ntchito yosunga mabuku, malipiro kuwirikiza kawiri zimene ndikulandira pano. Akufuna yankho Lolemba. Ndithandizeni, mutu waima.

Mphatso: Asisi pitani. Ine ndinakhala chaka ndi miyezi 4 pa ofesi yangati yanuyo ku Limbe, kulonjezedwa kuti mwezi wa mawa tikupatsa makasitomala ako, mwezi wa mawa, mwezi wa mawa. Ndinachoka ndisanaone ngakhale password ya pa system. Maofesi ang'onoang'onowa ambiri amatenga ana a sukulu chifukwa ndi otchipa, osati chifukwa akufuna kuwaphunzitsa.

Kondwani wa ku Matawale: Fodya wako ndi amene ali pamphuno, chemwali. Mayeso mutha kulemba muli kulikonse.

Che Jafali: Mwanawe Tadala, ndilole ndilankhule motalikirapo pang'ono, chifukwa njira ukuyendayo ndinayendamo. Ine ndinayamba ntchito MRA isanabwere. Nthawi imeneyo msonkho wa pa ndalama zolowa unali ndi dipatimenti yake, kasitomu inalinso payokha, mpaka anaziphatikiza MRA itayamba kugwira ntchito mu February 2000. VAT kunalibe, tinkati surtax. Lamulo la VAT ndi la 2005. Zonse zinali za pamanja. Chaka changa choyamba chonse ndinkachita zimene ukuchitazo, kungoti ife tinalibe Excel, tinali ndi buku la mizere ndi rula.

Chimene sindinkadziwa nthawi imeneyo ndi ichi: msonkho suwerengeredwa pa fomu ayi. Pofika pa fomu nkhani imakhala itatha kale. Msonkho umagamulidwa pamene munthu wagwira lisiti m'manja n'kufunsa kuti, kodi ichi anagula ndi cha bizinesi kapena cha kunyumba? Simenti iyi ndi yogulitsa m'shopu kapena anamangira mpanda kwawo ku Jali? Ndalama anatapa m'kabati tsiku la maliro a apongozi ake, tizilemba kuti? Fizi ya mwana wake si ndalama yoyendetsera bizinesi, koma mwini shopu amaiponya m'jumbo lomwelo. Amene akusanja malisiti ndi amene amaona zonsezi poyamba. Mkulu ukumupatsayo akungodalira maso ako.

Funso ndi lakuti, kodi pamene ukusanja, ukufunsa mafunso amenewa, kapena ukungotayipa manambala? Ngati ukungotayipa, ndiye inde ukutaya nthawi. Ngati ukufunsa, uli m'kati mwa ntchito yeniyeni kale.

Mphatso: Che Jafali, ndi ulemu wonse, zimene mukunenazo ndi zoona koma munthu sadya experience. Kale inuyo alawansi inkakwanira kugula thumba la chimanga. Lero mtsikanayu akudyetsedwa ndi azakhali ake pamene akugwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu. Chimenecho si chilungamo.

Che Jafali: Sindikukana, mwana wanga. Malipiro a ophunzira ntchito ndi ochititsa manyazi m'malo ambiri, ndipo ndinanenapo zimenezi pamaso pa anzanga eni maofesi. Koma zinthu ziwirizi tisaziphatikize. Kulipidwa pang'ono ndi vuto lina, kusaphunzira ndi vuto linanso. Loyambalo munthu utha kupirira kwa kanthawi ngati lachiwirilo palibe.

Tadala: Zikomo bambo. Kunena zoona mafunso ndimafunsa. Mwezi watha ndinapeza kuti kasitomala wina wa malo ogona alendo anaika malisiti a mafuta a galimoto ya akazi ake pamodzi ndi a jenereta. Ndinawapatula n'kuuza mkulu uja, anangoti "wachita bwino" basi. Sanandionetse kuti pamapeto pake zinasintha chiyani.

Mayi Nabanda: Tadala, ine ndili ndi funso limodzi. Wa shopuyo wakukondera chiyani iweyo? Ku Zomba kuno achinyamata a diploma, ena a digiri ya ku Chanco, ali mbwee kufuna ntchito. N'chifukwa chiyani akufuna munthu wa miyezi 7, wochokera mu ofesi yomwe imamulembera mabuku, n'kumulipira kawiri? Sindikunyoza luso lako ayi. Ndikungofuna uganize.

Tadala: Mayi, mwafunsa chinthu chimene ndimazengereza kulemba. Mwezi wa February atabweretsa mabuku ake, ndinaona kuti katundu amene anagula ndi wambiri, wotsala m'sitoko ndi wochepa, koma zogulitsa zimene zadutsa pa makina a EFD, aja otulutsa malisiti a msonkho, ndi zochepa kwambiri. Nditamufunsa anaseka, n'kunena kuti za kashi zina ali ndi kabuku kake kapadera, ndipo "zimenezo sizikukhudza a msonkho". Ndinauza bwana. Bwana anamuitana, anakambirana chitseko chotseka, ndipo bamboyo anatuluka nkhope itagwa. Patatha masabata awiri ndi pamene anandiimbira za ntchitoyi.

Mayi Nabanda: Ndiye wayankha wekha. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Bamboyo sakufuna wosunga mabuku, akufuna munthu amene adzalembe zimene iye wanena, bwana wako atachoka pakati. Ndipo tsiku limene a MRA adzabwere kudzachita audit, adzafunsa kuti mabukuwa amalemba ndani. Iye adzaloza iwe. Adzati ine sindinapite kusukulu ya zimenezi, ndinalemba ntchito katswiri.

Ndipo usaganize kuti kabuku kapaderako n'kovuta kukatulukira. Iwe wa miyezi 7 unaona kuti zogula, zotsala ndi zogulitsa sizikugwirizana. Amene amagwira ntchito ya audit tsiku ndi tsiku adzalephera bwanji? Amene amamugulitsa simenti ndi malata amalemba malonda awo pa TPIN yake, nambala imene a MRA amamudziwira. Ndalama zolowa ku banki ndi pa foni zimasiya mapazi.

Mphatso: Aaa, apa ndiye nkhani yasintha. Zimenezi simunanene poyamba asisi. Kumeneko musapiteko. Koma mawu anga aja sindikubweza: pamene mulipo mukufinyidwa, yambani kuyang'ana kwina.

Kondwani wa ku Matawale: Ine ndikuona ngati tikukokomeza. Shopu iti mutauni muno imene imadutsitsa chilichonse pa makina? Tonse timagula misomali osapatsidwa lisiti. Akakana iyeyo wina avomera mawa lomwe, ndipo dziko silisintha.

Mayi Nabanda: Achimwene, kuti ena amachita sindikutsutsa. Koma Tadala akufuna kudzakhala membala wa ICAM. Bungwe limeneli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013 la Public Accountants and Auditors, ndipo pamwamba pake pali Malawi Accountants Board. Ntchito yathuyi munthu umagulitsa siginecha yako. Zomba ndi tauni yaing'ono, aliyense amadziwa mnzake. Dzina likaipa ku Zomba limafika ku Blantyre minibasi isanafike pa Namadzi. Wogulitsa misomali akagwidwa amalipira chindapusa n'kupitiriza kugulitsa misomali. Wolemba mabuku akagwidwa amagulitsa chiyani?

Kondwani wa ku Matawale: Chabwino mayi, pamenepo ndamva. Komabe njala ndi njala.

Yamikani: Pepani ndilowetse kafunso kanga pomwepa poti akatswiri mwasonkhana. Inenso ndikulemba Taxation mu June. Manotsi amene ndinabwereka akunena kuti K100,000 yoyamba ya malipiro sidulidwa PAYE, msonkho wa pa malipiro uja, koma mnzanga akuti ndi zakale. Zoona ndi ziti?

Mayi Nabanda: Manotsi akowo ndi akale. K100,000 ija anaikweza kufika pa K150,000 mu 2024, ndipo manambala amenewa amatha kusintha nthawi iliyonse nduna ya zachuma ikapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo. Kumbukira kuti chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 April, osati pa 1 July ngati kale. Anasintha mu 2022. Ndiye usaloweze manambala a m'manotsi obwereka. Funsa aphunzitsi ako kapena ku ICAM komweko kuti mayeso a June akutsata malamulo a chaka chiti, ndipo za ku ntchito uziona zidziwitso zatsopano za MRA. Chofunika kugwira ndi njira yake: malipiro amagawidwa m'magawo, gawo lililonse ndi peresenti yake. Anthu ambiri amaganiza kuti ukakwera gawo ndiye kuti malipiro onse adulidwa pa peresenti yapamwambayo, pamene imakhudza ndalama zokhazo zimene zapyola malire.

Yamikani: Zikomo kwambiri mayi. Ndikanalowa nazo m'mayeso.

Che Jafali: Pobwerera kwa Tadala. Ndikuuze chimene chinandichitikira zaka zapitazo, VAT ili pa 16.5%, nditayamba kale kuyang'anira ena. Ndinapatsa mnyamata wina wophunzira ntchito ma invoice a kasitomala kuti achotsemo VAT. Mtengo unali wophatikiza kale msonkho, tinene K116,500. Iye anangomenya 16.5% pa ndalama yonseyo n'kupeza K19,222.50, pamene yoona ndi K16,500, chifukwa mtengo weniweni wa katundu ndi K100,000. Anachita choncho pa ma invoice onse a mwezi umenewo, ine ndinasayina osayang'ana bwino chifukwa linali tsiku la 25 ndipo tinkathamangira nthawi. Zinatitengera masabata kukonza, ndipo ndinapita ndekha kukapepesa kwa kasitomala. Cholakwa chinali changa, chifukwa ndinamupatsa ntchito ndisanakhale naye pansi.

Ndikunena izi kuti umvetse chifukwa chimene mkulu wakoyo akugwirira zinthu pamtima. Mwina si nkhanza. Amaopa. PAYE ndi withholding tax, msonkho umene wolipira amadula asanapereke ndalama kwa mwini wake, ziyenera kulipidwa pofika pa 14, VAT pofika pa 25, mwezi uliwonse, osapuma. Masiku amenewo magetsi akazima kapena netiweki ikavuta, munthu sakhala ndi mtima wophunzitsa wina. Ndiye iwe usamupemphe pa 13 kapena pa 24. Mupeze pa 2 kapena pa 3, ofesi ili zii.

Ndipo usapemphe kuti "ndiphunzitseni". Mawu amenewo ndi otakata kwambiri, aliyense amangoti inde n'kuiwala. Pempha chinthu chimodzi chogwirika. Nena kuti, kasitomala uyu wamng'onoyu, mwezi uno VAT yake ndiwerengere ine papepala, inu muwerengerenso panokha, tifananitse. Palibe chimene akutaya pamenepo.

Grace M.: Ndikugwirizana ndi Che Jafali. Ine ndinaphunzirira pa ofesi ya anthu atatu kufupi ndi msika waukulu, pano ndili ku Lilongwe pa kampani yaikulu. Anzanga amene anayambira m'makampani akuluakulu ena anakhala zaka ziwiri akungogwira chinthu chimodzi, wina payroll yokha, wina ma supplier okha. Ine pa kaofesi kaja ndinaona zonse: wa chigayo ku Thondwe, wa mpunga ku Domasi, kontrakitala womanga midadada ya sukulu, bungwe la mpingo, sukulu ya mkaka. Aliyense ndi vuto lake.

Chimene chinanditsegula maso kwambiri ndi withholding tax. M'kalasi ndinangoloweza kuti wogula amadula peresenti yakutiyakuti n'kupereka ku MRA. Tsiku lina kunabwera mayi wina amene ankaperekera nyemba ndi mpunga ku sukulu yogonera konko. Chaka chonse ankamudula 3% pa malipiro aliwonse, iye n'kumaganiza kuti ndalamayo yangopita. Zikalata zosonyeza kudulidwako ankakulungira nazo zinthu kunyumba. Sankadziwa kuti ndi msonkho wolipiriratu, umene umachotsedwa pa msonkho wake wa pachaka. Tinayenda naye kusukuluko kukapempha makope, ndipo titawerengera, zimene ankayenera kuwonjezera zinatsika kwambiri. Mayiyo analira misozi mu ofesi. Kuyambira tsiku limenelo mutu umenewu sindinauwerengenso ngati chinthu choloweza.

Chimodzimodzi kusiyana kwa zero-rated ndi exempt. Ndinalephera funso limeneli pa mayeso oyeserera kawiri konse. Ndinadzamvetsa pamene mwini sukulu ya mkaka uja anafunsa chifukwa chake sangabwezeredwe VAT imene analipira pogula mipando, pamene mnzake wotumiza katundu kunja amabwezeredwa. Onse awiri salipiritsa VAT kwa makasitomala awo, koma wotumiza kunja ali m'kati mwa VAT pa 0%, ndiye amaitanitsa yomwe analipira pogula. Wa sukulu ali kunja kwake, ndiye imangokhala gawo la mtengo wa mipandoyo.

Tadala: Achemwali a Grace, apa mwandithandiza pa mayeso pomwe. Nanga nthawi yowerenga munkaipeza bwanji? Ine ndikafika kunyumba cha m'ma 6, kuthandiza azakhali kuphika, pofika 9 maso atseka okha.

Grace M.: Usiku ndinalephera, sindikunamizeni. Ndinkadzuka 4 koloko m'mawa, kuwerenga mpaka 6 kasanu pa sabata. Miyezi ya May ndi June ku Zomba kumazizira, mphepo yotsika m'phiri ija, ndinkakhala nditafunda bulangete ndi tochi pambali kuopa magetsi. Loweruka ndinkachita mapepala a mayeso akale ndi wotchi patebulo. Taxation si phunziro lowerenga ngati nyuzipepala, limafuna pensulo. Tenga phindu la mu akaunti, bwezeramo depreciation (kutsika mtengo kwa zipangizo za bizinesi) ndi zina zosaloledwa monga zindapusa ndi za kunyumba kwa mwini, chotsa capital allowances (zimene lamulo la msonkho limalola kuchotsera pa zipangizozo), upeze phindu lokhomedwa msonkho, kenako 30% ya kampani. Uchite zimenezi kambirimbiri mpaka dzanja lizolowere. Ubwino wako ndi wakuti "zosaloledwa" zimenezo iwe umazigwira m'manja tsiku lililonse. Mafuta a galimoto ya akazi a bwana uja ndi funso la mayeso lenileni.

China: yamba lero kulemba m'kabuku ntchito iliyonse imene wagwira, tsiku lake, ndi amene anakuyang'anira. Ukadzafuna umembala, mayeso okha sakwanira, amafunanso umboni wa ntchito. A ACCA, bungwe lina la akauntanti, amafuna miyezi 36 yosayiniridwa ndi woyang'anira woyenerera. Bwana wako ngati ali ndi mapepala ake atha kukusayinira. Wa shopu ya simenti uja sangathe.

Mphatso: Mfundo ya siginecha imeneyo ndi yoona, ine inandipweteka. Chaka changa chija cha ku Limbe palibe anandisayinira chifukwa ndinachoka titayambana. Asisi, mukadzachoka mudzachoke bwino.

Bambo a Chisomo: Ine si akauntanti, ndili ndi kagalaja ku Sadzi, ndinalowa pagulu lino kuti ndizimva za misonkho. Ndingonena mbali ya ife makasitomala. Chaka china ndinaluza ntchito yokonza galimoto za bungwe lina chifukwa ndinalibe tax clearance, chikalata cha MRA chosonyeza kuti za misonkho zili bwino. Amene anandikonzera zinthu ndi mtsikana wophunzira ntchito ngati inuyo, osati bwana wake. Anakhala nane masana onse kundifotokozera za provisional tax, kuti ndizilipira pang'onopang'ono miyezi itatu iliyonse m'malo modikira chimtolo pamapeto, ndiponso kuti return ya pachaka ili ndi masiku 180 chaka cha bizinesi chikatha. Mpaka lero ndimapita kumene iye ali. Ife timadziwa amene amatigwirira ntchito yeniyeni.

Tadala: Ndawerenga zonse, zikomo nonse. Mawa Lachisanu ndiyesa kulankhula ndi bwana. Ndidzakuuzani.

Tadala: Ndabwerera monga ndinalonjezera. Wa shopu ndamuimbira dzulo, ndamuthokoza n'kumuuza kuti ndikufuna ndimalize kaye sukulu. Anangoti "zako izo" n'kudula foni.

Ndi bwana ndinachita mantha koma ndinalankhula. Ndinawauzanso za ntchito ija, chifukwa ndinaona kuti akadzamva kwa ena zidzaipa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati amayembekezera kuti bamboyo achita zotero. Tagwirizana izi: kuyambira mwezi uno makasitomala awiri, wa malo odyera ndi wa stationery, VAT ndi PAYE yawo ndiziwerengera ine, mkulu uja aziona, ndipo potumiza pa Msonkho Online ndizikhala pa kompyuta ndine iye ali pambali. Lachisanu lililonse mpaka mayeso ndiziweruka 12 koloko. Kabuku ka ntchito avomera kusayina mwezi ndi mwezi. Za alawansi akana. Akuti makasitomala ambiri sanalipire, tidzakambirane ndikakhoza Taxation.

Mphatso: Mwaona? Ntchito yawonjezeka, ndalama ayi. Zimenezo za "tidzakambirane" ndinazimvapo ine. Asisi, zotsatira zikadzatuluka mudzapite ndi pepala m'manja tsiku lomwelo, ndipo akadzazengereza mudzandiuze, ndimamva za mipata ku Blantyre.

Che Jafali: Mphatso akunena zoona pamenepo, usadzachite manyazi kukumbutsa. Za wa malo odyerayo, uyambe ndi kuona ngati ma invoice a zimene amagula ali ndi dzina lake ndi TPIN ya wogulitsa. Ambiri amagula nkhuku ndi ndiwo zamasamba pamsika popanda pepala lililonse, ndiye pamenepo palibe VAT yoitanitsa, usaipeke. Ukakakamira pena pake lemba pano.

Yamikani: A Tadala, poti Lachisanu masana muzikhala omasuka, bwanji tizikumana tizichita limodzi mapepala akale? Tilipo kale awiri, ine ndi mnzanga wa ku Mpondabwino. Ndili ndi mapepala a zaka zitatu koma mayankho ake ndilibe onse.

Tadala: Ndidzabwera ndithu. Capital allowances ndi fringe benefits tax (msonkho wa pa zinthu zina zimene wantchito amapatsidwa pambali pa malipiro) ndi zimene zikundizunguza, tiyambire pamenepo. Nditumizireni malo ku inbox, ndibweretsa calculator ndi Taxation Act ya ku ofesi ngati bwana andibwereke.

Grace M.: Mayankho amene akusowawo jambulani mafunso ake munditumizire, ndizikuchongerani Lamlungu madzulo ndikachoka ku tchalitchi.